Chimene chimachitika nyimbo ikafinyidwa kuti ikwane m'foni

Pa malo ambiri a malonda a m'mphepete mwa msewu wa M1, kuyambira pa Chimbiya ndi pa Dedza Boma mpaka kukafika pa Lizulu ndi pa Ntcheu, simulephera kupeza kashopu ka mnyamata amene ali ndi kompyuta mkati ndi masipika pakhomo, ndipo ntchito yake ndi kuikira anthu nyimbo m'memore khadi. Kasitomala amabwera ndi khadi lake, natchula oimba ndi makwaya amene akuwafuna, ndipo pempho lake lalikulu limakhala lakuti zilowe zambiri. Akafika kwawo n'kulowetsa khadilo m'foni, pamabuka madandaulo a mitundu itatu. Nyimbo zina zimamveka mophwanyika, zina zimakana kutseguka, ndipo zina zimadumphadumpha kapena kuima pakati. Mlandu wonsewo umagwera foni, mwina mpaka munthu kuganiza zogula ina. Komabe foni ya m'manja, ngakhale ya mabatani yotsika mtengo, ndi kompyuta yokwanira ntchito imeneyi, ndipo madandaulo atatuwa ali ndi magwero osiyana. Loyamba lija, lomwe ndi lopweteka kwambiri, limayamba fayilo isanafike n'komwe m'foni, pa nthawi imene inkafinyidwa kuti ichepe.

Mawu alionse amene timamva ndi kunjenjemera kwa mpweya. Ng'oma ikaombedwa, chikopa chake chimakankha ndi kukoka mpweya mobwerezabwereza, ndipo kukankhako kumafika pa khutu. Kunjenjemera kochedwa kumatipatsa mawu otsika a besi, pamene kofulumira kumatipatsa mawu okwera monga a likhweru. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira maulendo 20 mpaka pafupifupi 20,000 pa sekondi, ndipo muyeso umenewu umalembedwa kuti Hz. Kompyuta imasunga manambala okha, choncho maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu ya magetsi, kenako kachipangizo kena kamayeza mphamvuyo mobwerezabwereza n'kumalemba zotsatira zake. Pa CD, yomwe makampani a Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, kuyezaku kumachitika maulendo 44,100 pa sekondi, chifukwa lamulo la masamu limafuna kuti muyeze kopitirira kawiri kunjenjemera kokwera kwambiri kumene mukufuna kusunga. Muyeso uliwonse umatenga mabiti 16 (biti ndi kanambala kochepetsetsa kamene kompyuta imasunga, 0 kapena 1), ndipo mbali zilipo ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Mukachulukitsa mumapeza mabiti 1,411,200 pa sekondi imodzi. Nyimbo ya kwaya ya mphindi 5 yosungidwa motere imafika pafupifupi 53 MB, ulaliki wa ola limodzi umapitirira 600 MB, ndipo khadi la 4 GB lingangonyamula nyimbo pafupifupi 75. Kwa munthu amene amagula bandulo ya tsiku limodzi, kutumiza kapena kulandira fayilo yotere n'kovuta kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kufinya kunafunika.

Pali njira ziwiri zochepetsera fayilo, ndipo kusiyana kwake ndiye phata la nkhani yonseyi. Njira yoyamba imafufuza manambala obwerezedwa kapena olosereka n'kuwalemba mwachidule, mwakuti pomasula zonse zimabwerera ndendende monga zinalili. Mtundu wa fayilo wotchedwa FLAC, womwe unatuluka mu 2001, umagwira ntchito motere, koma umangochepetsa fayilo kufika cha m'theka. Njira yachiwiri, yomwe ndi ya mafayilo a MP3, AAC, AMR ndi Opus, imataya dala mbali ina ya mawuwo, ndipo chotayidwacho sichisungidwa pena paliponse. Zili ngati mfutso. Amayi akafutsa nkhwani kapena chitambe, dengu lonse limakwana m'chikwatu chaching'ono, ndipo mu Okutobala akauphika bwino ndi nsinjiro umakhala ndiwo yokoma ndithu, koma palibe madzi amene angaubwezere kukhala masamba a m'dimba. Wofutsa mosamala amataya zochepa, wofutsa mosasamala amataya zambiri, koma onse awiri amataya.

Luso la njira yachiwiriyi lagona pa kudziwa zimene khutu silimva. Khutu la munthu limamva bwino kwambiri mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, ndipo limafooka kumunsi ndi kumtunda kwa pamenepo. Chinanso n'chakuti mawu amphamvu amaphimba mawu ofooka amene ayandikana nawo. Aliyense amene anaimapo pa mzere kuchigayo amadziwa kuti injini ikalira, mnzako akhoza kukuyankhula uli naye pafupi iwe osamva kanthu, ngakhale kuti mawu akewo akufika ndithu pa khutu lako. Kuphimbaku kumapitirira ngakhale kwa kanthawi kochepa phokoso lalikulu litatha, chifukwa khutu limatenga nthawi kuti libwerere m'chimake. Akatswiri anayeza zinthu zimenezi poyesa makutu a anthu ambiri, ndipo zimene anapeza anaziika m'pulogalamu yofinya, kuti pa kagawo kalikonse ka nyimbo izitha kuyerekeza zimene womvera adzamve ndi zimene sadzamva.

Pulogalamu ya MP3 imadula nyimbo m'tizigawo ta miyeso 1,152, ndipo kagawo kalikonse ndi kanthawi ka pafupifupi magawo 26 mwa magawo 1,000 a sekondi. Mu kagawo kalikonse imasiyanitsa mawu otsika, apakati ndi okwera, kenako imagawa mabiti amene yapatsidwa. Pamene khutu lili tcheru imalemba manambala mosamala, pamene pali pophimbika imalemba mongoyerekeza, ndipo pena imangoika ziro. Kulemba mongoyerekezaku kumabala kaphokoso, ndipo ntchito yonse ya pulogalamuyi ndi kubisa kaphokosoko pansi pa mawu amphamvu kuti kasamveke. Ngati mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zikufanana, imasunga zofananazo kamodzi n'kuwonjezera kusiyana kwake kokha. Pomaliza imalemba manambala opezeka kawirikawiri ndi zizindikiro zazifupi, njira imene David Huffman anaifalitsa mu 1952. Ntchito yaikulu yopanga MP3 inachitikira ku Fraunhofer Institute mumzinda wa Erlangen ku Germany, kumene Karlheinz Brandenburg ndi anzake anagwira ntchito zaka zambiri. Inavomerezedwa kukhala gawo la muyezo wa MPEG-1 wofalitsidwa mu 1993, dzina lakuti mp3 kumapeto kwa fayilo linasankhidwa mu 1995, ndipo mu 2017 eni ake anasiya kulipiritsa ziphaso zoigwiritsira ntchito.

Nambala imene imalamula zonse ndi ya kbps, kutanthauza masauzande a mabiti amene pulogalamu yaloledwa kugwiritsa ntchito pa sekondi iliyonse. Pa 128 kbps fayilo imachepa pafupifupi maulendo 11, mwakuti nyimbo ija ya 53 MB imatsala 4.8 MB, ndipo khadi la 4 GB limanyamula nyimbo zopitirira 800. Kwa anthu ambiri, pa masipika wamba, izi zimamveka bwino. Koma kasitomala akaumirira kuti zilowe zambiri, woikira nyimbo akhoza kutsitsa kufika pa 64 kbps, nyimbo n'kukhala 2.4 MB, kapena pa 32 kbps, n'kukhala 1.2 MB. Apa pulogalamu ija imakhala yatha malo obisa kaphokoso, ndipo imayamba kutaya zimene khutu limamva ndithu. Choyamba kupita ndi mawu okwera, moti nyimbo imamveka yotsekeka, ndipo zilembo monga s, ts ndi ch zimafooka pakamwa pa woimba. Kenako mawu ena okwera amayamba kuoneka ndi kusowa kuchoka pa kagawo kena kupita pa kena, zomwe zimabala kamluzu kogwedera kamene kamamveka kumbuyo kwa nyimbo. Foni ikamaimba fayilo yotere imakhala ikuchita ntchito yake mokhulupirika, ikutulutsa ndendende zimene zalembedwa, ndipo foni ya mtengo wapatali ingatulutse zomwezo, mwinanso momveka kwambiri chifukwa cha masipika ake abwino.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nyimbo zathu za kuno ndi za mtundu umene umavulala msanga pofinya. Njira zimenezi zimachita bwino ndi mawu okhazikika, monga limba kapena munthu mmodzi woimba modekha, chifukwa kagawo kena kamafanana ndi kotsatira. Zimavutika ndi mawu odzidzimutsa komanso mawu a phokoso lomwazika. Taganizirani ngoma ya Angoni a kwa Gomani monga imavinidwira pa Umhlangano ku Nkolimbo, pamene amuna amaponda pansi pamodzi, zishango zikugunda, amayi akuomba m'manja ndi kuimba nthungululu. Taganiziraninso gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndi ng'oma zake zolankhulana mofulumira komanso maseche a m'miyendo. Kugunda kumodzi kwa ng'oma kumayamba mwadzidzidzi pakati pa kagawo, koma kaphokoso kobwera ndi kuyerekeza kuja kamamwazika pa kagawo konse, kuphatikizapo kanthawi ka bata kamene kali patsogolo pa kugundako. Zotsatira zake n'zakuti womvera amamva kaphokoso ng'oma isanalire, ndipo kugunda kumene kunali kwakuthwa kumafwifwa. MP3 ili ndi njira yosinthira ku tizigawo tatifupi ikakumana ndi mawu otere, koma njirayo imadya mabiti ambiri, amene pa 64 kbps kulibe. Kuomba m'manja kwa anthu ambiri n'kovuta koposa, chifukwa ndi kugunda kosawerengeka kotsatizana popanda dongosolo limene pulogalamu ingalosere. Ngakhale kwaya ya mvano kapena ya achinyamata, imene ili ndi mawu anayi m'tchalitchi cha malata chobweza mawu, imafuna mabiti ambiri kuposa woimba mmodzi wa mu situdiyo. Munthu wa kunja akamva gule wathu kudzera m'fayilo yotere angaganize kuti ng'omazo n'zosokonekera, pamene chosokonekera ndi fayilo.

Vuto limakula chifukwa nyimbo zambiri zimene zili m'makhadi athu zinafinyidwa kangapo. Kwaya imajambulitsa kanema, kanemayo amaikidwa pa YouTube kapena pa Facebook, ndipo kumeneko mawu ake amafinyidwa mwa njira ya AAC kapena Opus. Wina amakopera kanemayo n'kumusandutsa MP3, komwe ndi kufinya kwachiwiri. Wina amaona kuti fayilo yakula n'kuitsitsa kuti itumizike mosavuta, komwe ndi kwachitatu. Pa ulendo uliwonse pulogalamu imalandira mawu amene ali kale ndi zipsera, ndipo popeza siingasiyanitse kaphokoso ka m'mbuyomu ndi nyimbo yeniyeni, imawononga mabiti posunga kaphokosoko uku ikuwonjezera kake. Pali chikhulupiriro chofala chakuti mukatenga fayilo ya 64 kbps n'kuisandutsa ya 320 kbps mwaikonza. Fayiloyo imakula maulendo 5, imadya malo ndi bandulo, koma mawu ake amakhala omwe aja kapena oipirapo pang'ono, pakuti madzi akatayika saoleka. Kukopera kokha, kaya kuchoka pa kompyuta kupita pa khadi, kaya kutumizirana pa Bluetooth kapena pa Xender, sikuwononga kanthu, chifukwa manambala amasamuka monga alili. Chowononga ndi kusandutsa.

Kumbali ya kachipangizo ka m'manja, ntchito imene kamagwira ndi yobweza m'mbuyo zonse zija pa liwiro la nyimbo yomwe. Pulogalamu yomasula imawerenga kagawo kuchokera pa khadi, imamasula zizindikiro za Huffman, imabwezera manambala, imawasandutsa miyeso ya mawu, ndipo kachipangizo kena kamasandutsa miyesoyo kukhala magetsi okankha sipika. Pa MP3 wamba izi ziyenera kuchitika pafupifupi maulendo 38 pa sekondi iliyonse, popanda kuchedwa ngakhale kamodzi. Kale imeneyi inali ntchito yolemetsa. Cha m'ma 1995 ngakhale makompyuta ambiri a pa desiki ankavutika kuimba MP3 popanda kudukiza. Palm Pilot ya mu 1996, imodzi mwa makompyuta a m'manja oyamba kutchuka, inali ndi purosesa (ubongo wa kompyuta, wowerengera masamu) ya liwiro la 16 MHz, yomwe inkakwanira kusunga manambala a foni ndi kalendala koma osati kumasula nyimbo. Choncho zoimbira zoyamba za m'thumba, monga Diamond Rio ya mu 1998, zinkadalira kachipangizo kapadera kopangidwira ntchito imodzi yokhayi, ndipo malo ake a 32 MB ankangokwana nyimbo za pafupifupi theka la ola pa 128 kbps. Eni ake ankafinya nyimbo mopitirira kuti zilowe zambiri, monga momwe zikuchitikira pa Lizulu lero. Pofika mu 2000, Compaq iPAQ inabwera ndi purosesa ya 206 MHz yomwe inkatha kuimba MP3 payokha, komabe mapurosesa a m'manja a nthawiyo analibe gawo lowerengera msanga manambala a tizidutswa, ndipo olemba mapulogalamu anachita kulembanso masamu onse kuti azigwiritsa ntchito manambala athunthu okhaokha. Bungwe la Xiph.Org linatulutsa pulogalamu yotere yotchedwa Tremor mu 2002, yomasulira Ogg Vorbis, yomwe ndi njira inanso yofinyira mawu.

Masiku ano kumasula MP3 ndi ntchito yopepuka kwa foni ina iliyonse, ndipo batire limadyedwa kwambiri ndi kuwala kwa sikirini, kukweza voliyumu ndi kukoka nyimbo pa intaneti kusiyana ndi kumasulako. Kwa amene amatchajitsa pa sola kapena kulipira pa shopu, kumvera fayilo imene ili kale pa khadi, sikirini itazima, ndiyo njira yosunga moto. Nanga kudumphadumpha kumachokera kuti? Foni simasula kagawo pa nthawi yomwe kakufunika. Imamasuliratu masekondi kapena tizigawo tingapo n'kusunga m'kamalo ka memore kotchedwa buffer, ndipo sipika imatunga m'menemo. Khadi likachedwa kupereka manambala, kapena mapulogalamu ambiri akamalimbirana purosesa pa foni ya memore yochepa, kamaloko kamauma ndipo mawu amaduka. Ngati nyimbo imadukira pa malo amodzimodzi nthawi zonse, vuto lili m'fayilo kapena pa khadi. Ngati imadukira pa malo osiyanasiyana, vuto lili pa kuchuluka kwa ntchito imene foni yasenza.

Kukana kutseguka kumachokera pa kuchuluka kwa njira zofinyira, chifukwa iliyonse imafuna pulogalamu yake yomasulira. Mafoni a mabatani ambiri akamajambula mawu amagwiritsa ntchito AMR, yomwe inavomerezedwa mu 1999 kuti izinyamula mawu a anthu oimbirana foni. Imagwira ntchito pakati pa 4.75 ndi 12.2 kbps, imayeza maulendo 8,000 okha pa sekondi, ndipo imasunga mawu osapitirira cha m'ma 3,400 Hz. Inapangidwa potsanzira mmene kholingo ndi pakamwa pa munthu zimapangira mawu, n'chifukwa chake uthenga wa mlangizi wa zaulimi umamveka bwino ndithu pa AMR, ola lathunthu n'kungotenga 5.5 MB, koma mukajambula nayo kwaya kapena ng'oma zimatuluka zosazindikirika. AAC inabwera mu 1997 kudzakonza zofooka za MP3, ndipo imapezeka kawirikawiri m'mafayilo othera ndi m4a. Opus, yomwe bungwe loika miyezo ya intaneti la IETF linaivomereza mu 2012, inaphatikiza njira ya SILK yochokera ku Skype, yoyenera kuyankhula, ndi njira ya CELT ya Xiph.Org, yoyenera nyimbo, ndipo imagwira ntchito kuyambira 6 mpaka 510 kbps. Pa mabiti ochepa imaposa MP3 kutali. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp amasungidwa mwa njira imeneyi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira. Mwana ali ku Lilongwe kapena ku Joni amatumiza uthenga pa foni ya mbale wake, mbaleyo amaukopera pa khadi kuti agogo akamvere pa foni yawo ya mabatani kapena pa wailesi yolowetsa khadi, ndipo chipangizocho chimaukana. Mafoni a Android anayamba kumasula Opus kuchokera pa Android 5.0 ya mu 2014, koma zipangizo zambiri zazing'ono zimangodziwa MP3, WAV (mawu osafinyidwa) ndi AMR. Kusintha dzina la fayilo kuti lithere ndi mp3 sikuthandiza, popeza zam'kati zimakhala zomwe zija. Pa foni ya Android pulogalamu yaulere ya VLC imatsegula pafupifupi mitundu yonseyi, pamene pa foni ya mabatani njira yapafupi ndi kusandutsa fayiloyo kukhala MP3, ndipo pa mawu oyankhula kutayako n'kopiririka.

Fayilo yaing'ono kwambiri nthawi zina ndiyo imafuna ntchito yambiri pomasula, zomwe anthu ambiri sayembekezera. HE-AAC, yomwe inavomerezedwa mu 2003, sisunga n'komwe mawu okwera. Imasunga otsika ndi apakati, pamodzi ndi malangizo ochepa a mmene foni ingapangire okwerawo potengera otsikawo. Foni yodziwa njirayi imatulutsa nyimbo yomveka bwino ngakhale pa 48 kbps, koma yakale imene imangodziwa AAC wamba imanyalanyaza malangizowo n'kuimba gawo lotsika lokha, mwakuti fayilo imodzi imamveka yowala pa foni ina ndi yotsekeka pa ina. MP3 nayo ikatsitsidwa kwambiri imasiya muyeso uja wa 44,100 n'kupita pa 22,050 kapena kutsikirapo, ndipo zoimbira zina zotsika mtengo sizilandira bwino miyeso yotsikitsitsa. Palinso mafayilo otchedwa VBR, amene amapereka mabiti ambiri pa malo ovuta a nyimbo ndi ochepa pa malo osavuta. Imeneyi ndi njira yanzeru, koma chipangizo chakale chikhoza kuonetsa kutalika kolakwika kwa nyimboyo kapena kusochera mukafuna kudumphira pakati.

Sipika ya foni ili ndi malire akeake osakhudzana ndi fayilo. Ndi yaing'ono kwambiri moti singakankhe mpweya wokwanira kutulutsa besi, choncho ng'oma yaikulu imasowa ngakhale fayiloyo itakhala yabwino chotani, ndipo mukakweza voliyumu mpaka kumapeto mawu amang'ambika. Kung'ambika kumeneku kumatha mukatsitsa voliyumu, pamene kuphwanyika kobwera ndi kufinya kumakhalapobe ngakhale mutatsitsa, ndipo imeneyi ndi njira yachidule yodziwira gwero la vuto. Mahedifoni amaulula zambiri kuposa sipika, moti woikira anthu nyimbo amene amasamala za makasitomala ake ayenera kumayesera mafayilo ake pa mahedifoni. Pomvera kudzera pa sipika ya Bluetooth pamachitikanso kufinya kwina, chifukwa foni imamasula fayilo kenako n'kuifinyanso, kawirikawiri mwa njira ya SBC, kuti idutse mumlengalenga. Kufinya kumeneku sikusintha fayilo imene ili pa khadi, ndipo pa nyimbo yabwino sikumveka kwenikweni, koma pa fayilo yovulala kale kumawonjezera pa zipsera zija.

Khadi lenilenilo nalo lili ndi mbali yake. Makhadi a microSD anayamba mu 2005, ndipo osapitirira 32 GB amakonzedwa mwa dongosolo la FAT32, pamene okulirapo amabwera ndi exFAT, imene mafoni ambiri a mabatani ndi mawailesi saiwerenga. Munthu akhoza kugula khadi la 64 GB n'kuganiza kuti ndi lakufa pamene vuto ndi dongosololi. Choopsa kwambiri ndi makhadi achinyengo, amene amalembedwa ndi kudzionetsa kuti ndi aakulu pamene malo ake enieni ndi ochepa. Amalandira mafayilo popanda kudandaula, mayina onse amaoneka pa mndandanda, koma malo enieni akadzaza zotsatirazo sizisungika kapena zimafufuta zoyamba, ndipo nyimbo zimayamba kukana kapena kuduka pakati. Kuchotsa khadi kompyuta isanamalize kulemba kumabweretsanso zotsatira zofanana.

Kwa amene amajambula makwaya, magule, maulaliki kapena nkhani za akuluakulu a m'mudzi, maganizo anga ndi akuti chisankho chofunika kwambiri chimachitika pa tsiku lojambula. Kujambula kwaya pogwiritsa ntchito batani la uthenga wa mawu la pa WhatsApp ndi kuifinya pa mlingo wa kuyankhula isanasungidwe n'komwe, ndipo palibe kope lina labwino limene lidzatsale. Ndi bwino kugwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira imene imalola WAV kapena mlingo wapamwamba, kuimika foni patali pang'ono ndi masipika ndi ng'oma kuti maikolofoni isalemedwe, ndi kusunga fayilo yoyambayo pa malo awiri osiyana, ngakhale itakhala yaikulu. Kuchokera pa fayilo imeneyo, pulogalamu yaulere monga Audacity ingatulutse makope a anthu osiyanasiyana, lililonse lofinyidwa kamodzi kokha. Pa nyimbo zopita m'makhadi a anthu onse, MP3 ya 128 kbps ndiyo poyambira, ndipo pa magule a ng'oma ndi kuomba m'manja ndingakwere kufika pa 192 kbps ngakhale zitatanthauza nyimbo zochepa pa khadi. Pa ulaliki kapena phunziro la ulimi wa mbatata ya kachewere, kumene kuli munthu mmodzi woyankhula, palibe chifukwa chosungira mbali ziwiri, ndipo MP3 ya mbali imodzi pa 48 kbps imamveka bwino, ola lonse n'kutenga pafupifupi 22 MB. Ngati omvera onse ali ndi mafoni a Android, Opus pa 24 kbps imagwira ntchito yomweyo ndi theka la malowo.

Oimba nawo ali ndi gawo pa nkhaniyi, pakuti kope lophwanyika likafala limayenda ndi dzina lawo. Nyimbo ndi chuma cha mwini wake pansi pa lamulo la Copyright Act la mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira ziphaso za amene amagwiritsa ntchito nyimbo za ena pa malonda. Kwaya ya ku Bembeke kapena ku Nsipe imene yalipira situdiyo iyenera kupempha kuti ipatsidwe fayilo ya WAV pamodzi ndi ya MP3, chifukwa ikangolandira ya MP3 yokha, wailesi kapena wopanga kanema amene adzaifune mtsogolo adzayambira pa kope lofinyidwa kale. Ndipo ikamapereka nyimbo zake kwa oikira anthu m'makhadi, ipereke yokha kope labwino n'kugwirizana nawo kuti alikopere monga lilili, popanda kulitsitsanso.